Vanishi wa polystyrene yemwe ankachita mbuu atasintha solventi: lipoti la zomwe tinapeza

Fakitale ina yopanga vanishi woonekera wopaka pa mapepala a malebulo inkasungunula polystyrene mu toluene kwa zaka zambiri popanda vuto lililonse. Kenaka kasitomala wawo wamkulu anati toluene sakumufunanso, nkhani ya fungo ndi umoyo wa anthu ogwira ntchito pa makina, ndiye eni fakitale anasintha solventi, madzi osungunulira aja, nkuyamba kugwiritsa cyclohexane. Polima, kutanthauza polystyrene uja, anali yemweyo, molecular weight yake (kulemera kwa mole imodzi mu magalamu) cha m'ma 200,000, ndipo ankayika pafupifupi magawo 10 pa 100 alionse monga kale. Posakaniza ankatenthetsa thanki pang'ono kuti zisungunuke msanga, vanishi nkutuluka bwinobwino, woyera ngati madzi. Koma akangogona mu sitolo usiku wozizira, mmawa ankamupeza wachita mbuu, ndipo akakhala masiku angapo ankagawikana pawiri, pamwamba zamadzimadzi, pansi chinthu chonanda chomwe ukapendeketsa botolo chimatsetsereka mwaulesi ngati sichikufuna. Apa mpomwe anandiitana.

Chomwe chinkawasokoneza kwambiri nchakuti masamu anali atapanga, sanangosintha mwachimbulimbuli ayi. Anatenga solubility parameter ya Hildebrand, δ, nambala yosonyeza mmene mamolekyu a chinthu amagwiranirana, ya cyclohexane ndi 16.8, ya polystyrene mabuku ambiri amati 18.6, zonse mu MPa^0.5, nkugwiritsa fomula yodziwika yopezera χ, nambala yosonyeza mmene polima ndi solventi akukanirana:

χ = 0.34 + V(δ1 − δ2)² / RT

V, malo omwe mole imodzi imatenga, ya cyclohexane ndi pafupifupi 108.7 cm³ pa mole, RT, gas constant kuchulukitsa ndi kutentha, pa madigiri 25 ndi 2478 J pa mole, kusiyana kwa ma δ ndi 1.8, ukachulukitsa zonse umapeza 0.14, kuphatikiza 0.34 ija ndi 0.48. Ndiye poti lamulo lomwe tonse tinaloweza limati χ ikakhala pansi pa 0.5 polima amasungunuka, iwo anati basi zatheka. Masamuwo ndinawabwereza ndipo palibe pomwe anaphonya powerengetsa. Vuto linali pa chikhulupiriro chomwe anaika pa 0.48 yo.

Kuti zimveke ndiyambire pa Flory ndi Huggins. Paul Flory ndi Maurice Huggins, aliyense payekha, anatulutsa ganizoli cha mu 1941 ndi 1942, ndipo Flory anadzalandira mphoto ya Nobel mu 1974 pa ntchito yake ya mapolima. Iwo anati tiyerekeze kuti madzi onse agawidwa timabokosi tofanana, molekyu ya solventi imakhala mu kabokosi kamodzi, pomwe polima ndi unyolo wautali womwe umadzaza timabokosi N tolumikizana. Free energy yosakaniza, ΔG, yomwe imatiuza ngati zinthu zisakanikirane kapena zigawikane, pa kabokosi kamodzi imatuluka chonchi:

ΔG/kT = φ1 ln φ1 + (φ2/N) ln φ2 + χ φ1 φ2

Apa φ1 ndi gawo la malo lomwe solventi yatenga, φ2 ndi la polima. Zigawo ziwiri zoyambazo ndi entropy, kuchuluka kwa njira zoyalira mamolekyu, zimakankhira zinthu kuti zisakanikirane nthawi zonse. Chachitatucho ndi mtengo womwe umalipira polima akakhudzana ndi solventi mmalo mokhudzana ndi mnzake. Tsono taonani pomwe pali N. Mamolekyu ang'onoang'ono aliyense amayenda yekha, njira zowayalira ndi zochuluka kwabasi, koma ukawamanga pa unyolo umodzi zikwi ziwiri onse amayenera kutsatana, ndiye gawo lachiwiri lija limagawidwa ndi N nkutsala pang'ono kutheratu. Nchifukwa chake polima sachedwa kukana solventi. Mamolekyu ang'onoang'ono awiri ofanana kukula amapirira mpaka χ ifike 2 asanagawikane, koma unyolo wautali umagonja χ ikangodutsa theka pang'ono. Malire enieniwo ndi awa:

χc = ½ (1 + 1/√N)²

Kwa polima wathuyu, kulemera kwa polystyrene ndi pafupifupi 1.05 g pa cm³, ndiye mole imodzi imatenga malo okwana 190,000 cm³, kugawa ndi 108.7 umapeza N cha m'ma 1750, ndipo χc imabwera 0.524. Ndiye funso lonse la fakitale ija, loti vanishi akhala bwino kapena agawikana, linali pakati pa 0.48 ndi 0.524, kampata kosakwana 0.05.

Apa mpomwe ine ndimalimbikira kwambiri ndikamalankhula ndi anzanga a ntchitoyi. Fomula ya Hildebrand siingathe kuona kampata kakang'ono chonchi. 0.34 ija si nambala ya cyclohexane kapena ya polystyrene, ndi avereji yomwe anthu anaipeza poona masolventi ambiri osiyanasiyana. Komanso δ ya polima sungaiyeze mwachindunji, poti δ imachokera ku mphamvu yofunika kuti chinthu chisanduke nthunzi ndipo polima sasanduka nthunzi, amayamba wapsa, ndiye anthu amaipeza mozungulira ndipo matebulo sagwirizana. Tangoyesani kuika 19.0 mmalo mwa 18.6, kusiyana kukhala 2.2, χ ikwera kufika 0.55, yankho latembenuka kale kuchoka pa "zisungunuka" kupita pa "zigawikana" chonsecho mwangosintha nambala imodzi ndi 0.4. Fomula imeneyi ndi yabwino posankha pakati pa toluene ndi ethanol, pomwe kusiyana kuli poyera. Ikakupatsa 0.48 ikukuuza kuti uli pa malire ndipo upite ukayeze, sikukuuza kuti zili bwino.

Ndipo chodabwitsa nchakuti polystyrene mu cyclohexane ndi imodzi mwa ma system omwe anayezedwa kwambiri mu sayansi yonse ya mapolima. Theta temperature yake ili pa madigiri 34.5, pamenepo χ ya madzi ochepa polima imakhala theka ndendende, unyolo sukufutukuka komanso sukukhwinyata. Ukatsika pansi pa 34.5 χ imadutsa theka. Shultz ndi Flory anasonyeza mu 1952 kuti kutentha komwe madzi amayamba kugawikana kumadalira kutalika kwa unyolo, wautali kwambiri umayandikira theta, waufupi umapirira kuzizira kochulukirapo. Kwa 200,000 malirewo amagwera m'kati mwa madigiri a m'ma 20. Ndiye thanki yofunda inali pamwamba pa malire, sitolo ya usiku inali pansi pake, nkhani yonse ya mbuu inali imeneyi.

Komabe sindinafune kungowauza za m'mabuku, chifukwa polima wa m'mabuku amakhala wosankhidwa bwino, maunyolo ake ofanana kutalika, pomwe wa m'matumba a fakitale ndi wosakanikirana. Tinakonza timabotolo totseka bwino, kuyambira tochepa polima kwambiri mpaka tonanda, nkutiika mu beseni la madzi ofunda mpaka tonse tayera. Kuseri kwa timabotolo tinamata pepala lokhala ndi mzere wakuda wopyapyala, kenaka nkumatsitsa kutentha pang'onopang'ono. Chomwe umayamba kuona si mbuu ayi, ndi kamtundu kabuluu ngati utsi kakang'ono, ukawalitsa ka laser m'mbali kuwala kwake kumaoneka ngati ulusi wofiira wodutsa m'madzimo pomwe poyamba sikumaoneka nkomwe, ndiye pakangopita kanthawi mzere wakuda uja umayamba kufufutika mpaka kusowa. Timalemba kutentha pomwe mzere wasowa, nkutenthetsanso kuti tilembe pomwe wabwerera. Manambala awiriwa akatalikirana kwambiri ndiye kuti ukuthamanga, bwerera uyambenso modekha. Chenjezo limodzi kwa yemwe angafune kuyesa, cyclohexane amayaka msanga kwambiri olo kukuzizira, ndiye pasakhale moto kapena hita yoonekera waya pafupi, komanso amaundana pa madigiri 6.5, musatsitse mpaka kumeneko nkumaganiza kuti mwaona polima akugawikana.

Titapeza ma cloud point, kutentha kuja komwe mbuu umayamba, tinayesa kuwakwanitsa ndi χ = A + B/T, yomwe ndi njira yophweka yolowetsera kutentha mu model. Pamwamba pa grafu ya cloud point ndi kuchuluka kwa polima zinagwirizana bwino, koma m'mbali ayi, ndipo izi nzodziwika. Flory-Huggins imati nsonga ya grafu ikhale pa φc = 1/(1 + √N), kwa ife ndi 0.023, magawo awiri okha pa 100. Zoyeza zenizeni zimaika nsongayo kutali, kuposa kuwirikiza kawiri, ndipo dera logawikana limakhala lotambalala kuposa lomwe model imajambula. Chifukwa chake nchakuti χ siikhala malo amodzi polima akamachuluka, mu system imeneyi imakwera φ2 ikamakwera. Munthu wongodalira model yosakonza akanati pa magawo 10 tili kutali ndi nsonga, tapulumuka, chonsecho mpomwe pali pakati penipeni pa vuto. Tinawonjezera kagawo kena koti χ izidalira φ2, grafu nkukhala pa madontho athu bwino. Sindinganene kuti pamenepo model ikulosera kalikonse, tinali titaiphunzitsa ndi zoyeza zathu zomwe, koma inatithandiza kudzaza mipata pakati pa madontho ndi kuona komwe malire akulowera.

Panalinso china chomwe chinandidetsa nkhawa kuposa mbuu weniweniyo. Anyamata a pa makina, pofuna kuti ntchito isaime, ankatunga zamadzimadzi za pamwamba zija nkumapaka, zonanda za pansi nkuzisiya. Ankaona ngati asefa zoipa. Koma polima wosakanikirana akagawikana maunyolo sagawidwa mofanana, aatali amathamangira ku gawo lonanda, aafupi amatsala pamwamba, ndi momwenso anthu akale ankasankhira mapolima malinga ndi kutalika, ndipo Ronald Koningsveld anagwira ntchito yaikulu kufotokoza mmene kusakanikirana kumeneku kumapotozera grafu ya cloud point. Ndiye zomwe ankapakazo zinali zochepa polima komanso za maunyolo aafupi okhaokha, ndipo polystyrene wa maunyolo aafupi ndi wosachedwa kusweka. Madandaulo omwe ankabwera oti vanishi akung'aluka lebulo ikapindidwa, omwe iwo ankawaona ngati nkhani ina, gwero lake linali lomweli.

Bwana wa zaumisiri pa fakitalepo anafunsa ngati sitingagwiritse PC-SAFT, model ina yowerengetsera zimenezi, poti anamva kuti ndiyo yamakono. Funsoli silolakwika. Flory-Huggins imaganiza kuti timabokosi tonse ndi todzaza ndipo madzi safutukuka, ndiye siiona zomwe Freeman ndi Rowlinson anapeza mu 1960, kuti polima amathanso kugawikana ndi solventi ukatenthetsa kwambiri, chifukwa solventi imafutukuka msanga kuposa polima. Polystyrene mu cyclohexane amachitanso zimenezi kupitirira madigiri 200. Ma model ngati a Sanchez ndi Lacombe a 1976, kapena PC-SAFT ya Gross ndi Sadowski ya 2001, amatha kugwira mbali zonse ziwiri komanso pressure, ndipo pa ntchito ngati yopanga polyethylene pa pressure yaikulu sungachitire mwina. Koma ife tinali pa kutentha kwa m'chipinda, pressure wamba, ndipo PC-SAFT nayo imafuna kij, nambala yokonzera mmene polima ndi solventi amakokerana, yomwe umaipeza poikwanitsa pa ma cloud point omwewo, ukaisintha pang'ono chabe malire amasuntha madigiri ambiri. Ndinawauza kuti tingowononga nthawi kuti tifike pa yankho lomwe tili nalo kale m'manja.

Chomwe chinkafunika ndi kukankhira malire aja pansi, kutali ndi kuzizira kulikonse komwe vanishi angakumane nako. Apa ndinagwiritsa ma parameter a Charles Hansen, omwe anawatulutsa mu 1967. Iye anagawa δ patatu, D ya dispersion, P ya polarity, H ya hydrogen bonding, ndipo mtunda pakati pa polima ndi solventi umawerengedwa chonchi:

Ra² = 4(ΔD)² + (ΔP)² + (ΔH)²

Cyclohexane ndi 16.8, 0, 0.2. MEK (methyl ethyl ketone), solventi ina yomwe tinaganiza zosakanizako, ndi 16.0, 9.0, 5.1. Toluene ndi 18.0, 1.4, 2.0. Kwa polystyrene ndinatenga 18.5, 4.5, 2.9, podziwa kuti matebulo ena ali ndi manambala osiyanako, ndiye ndinkangofuna kuona kolowera osati kulosera digiri. Toluene amatuluka pa mtunda wa 3.4, cyclohexane 6.3, MEK 7.1. Tsono chokoma chili apa, cyclohexane akuperewera P ndi H, MEK wapyola nazo, polima ali pakati pawo. Ukasakaniza magawo 80 a cyclohexane ndi 20 a MEK, ma parameter amakhala 16.6, 1.8, 1.2, mtunda nkutsika kufika 4.9, kuposa aliyense payekha. Pa 70 ndi 30 umafika pafupifupi 4.5. Masolventi awiri apakatikati akupanga solventi yabwino, ndipo izi si zachilendo, acetone payekha sasungunula polystyrene wa unyolo wautali koma ukamusakaniza ndi cyclohexane amasungunula. Tinabwerera ku beseni lathu ndi timabotolo tatsopano, ndipo tokhala ndi MEK tinakhalabe toyera mpaka madzi a m'beseni atazizira kupitirira pomwe sitolo imafika.

Tikanaimira pomwepa lipotili likanakhala lalifupi. Koma atapaka vanishi watsopanoyu pa makina, m'botolo ali woyera bwinobwino, pa pepala ankauma ndi kambuu kopyapyala, makamaka mmawa, ndipo ukapalapo ndi chikhadabo mbuuwo sunali pamwamba pokha, unali m'kati mwa chikopa cha vanishi.

Poyamba tinaganizira chinyezi, chifukwa solventi youluka msanga imaziziritsa pepala mpaka nthunzi ya m'mpweya nkusanduka timadontho pamwamba pake, opaka vanishi amalidziwa vutoli. Tinayesa kuumitsa mu bokosi la mpweya wouma, mbuu unachepa koma sunathe. Ndiye panali chinanso. Zonse zomwe tinawerengetsa zija zinali za vanishi ali m'botolo lotseka, pomwe kutentha, kuchuluka kwa polima ndi kasakanizidwe ka solventi zili malo amodzi. Akangopakidwa zitatu zonsezi zimayamba kuyenda nthawi imodzi. Polima akuchuluka kuchoka pa magawo 10 kupita ku 100, ndiye ayenera kudutsa dera lonse lija lomwe χ ikukwera. Kutentha kukutsika chifukwa solventi ikamauluka imatenga kutentha kwa pepala. Ndipo solventi yotsalayo ikusintha. Anthu ankaganiza kuti poti MEK amawira pa 79.6 ndipo cyclohexane pa 80.7 ndiye aziulukira limodzi, koma awiriwa sakondana kwenikweni, amapanga azeotrope, chisakanizo chowira pansi pa onse awiri, ndipo MEK akakhala wochepa chonchi nthunzi imatuluka ndi MEK wambiri kuposa yemwe ali m'madzimo. Mwachidule yemwe tinamuika kuti ateteze polima ndi amene ankayamba kuthawa, nkusiya polima ndi cyclohexane wozizira, pansi pa malire aja.

M'botolo zikagawikana umatenthetsa nkubwerera mwakale. Pa pepala sizibwerera, chifukwa glass transition ya polystyrene, kutentha komwe amayamba kufewa, ili cha pa madigiri 100, solventi ndi yomwe imamufewetsa, ikangochepa mokwanira gawo lonanda lija limauma gwa ngati galasi ndipo timadontho ta gawo lamadzimadzi timatsekeredwa momwemo. Tikauma timasiya timabowo tating'onoting'ono tomwe timamwaza kuwala, ndiwo mbuu womwe maso amaona. Tinatsimikiza mosavuta, lebulo ya mbuu tinaiika pamwamba pa nthunzi ya solventi yabwino kwa kanthawi, chikopa chinafewa nkuyera.

Ndiye tinasiya kufunsa kuti vanishi ali pati pa grafu, nkuyamba kujambula njira yomwe amayenda pouma. Sizinafune pulogalamu yodula, spreadsheet inakwana, umachotsa solventi pang'ono malinga ndi vapour pressure ndi activity coefficient ya iliyonse, manambala osonyeza mmene imaulukira ili m'chisakanizo, nkuwerengetsanso zotsala, nkuona ngati zadutsa malire omwe tinayeza, kenaka kubwereza mpaka kuuma. Njira ya 80 ndi 20 inkalowa m'dera logawikana chapakati pa ulendo. Kuwonjezera MEK kunkangochedwetsa. Chomwe chinasintha zinthu ndi kuika solventi yabwino yochedwa kuuluka, yoti ikhale yomaliza kuchoka. Tinasankha cyclohexanone, amawira cha pa 155, amasungunula polystyrene bwino, ndipo si wa gulu la aromatic lomwe kasitomala ankalikana. Magawo ochepa chabe anakwana, chifukwa ena aja akamachoka iye gawo lake limakulirakulira, ndiye vanishi akamayandikira kuuma solventi yotsala imakhala ikukomera polima mmalo moipira. Tinapemphanso kuti mpweya wa gawo loyamba la uvuni woumitsira malebulo ukhale wofunda moti pepala lenilenilo, osati mpweya wokha, lisatsike pansi pa madigiri 35, ndipo anayeza pa pepalapo ndi thermometer ya infrared. Malebulo anatuluka owala, ndipo kung'aluka kuja kunatha poti tsopano ankapaka polima yense.

Mtengo wake unalipo. Cyclohexanone amachedwa kuchoka ndipo ali ndi fungo lake, ndiye liwiro la makina analitsitsa pang'ono ndipo gawo lomaliza la uvuni analiwonjezera moto kuti malebulo asamamatirane akakulungidwa. Ndinawalangiza kuti asamawonjezere cyclohexanone mwachisawawa akaona vuto lililonse, chifukwa wotsalira m'chikopa amafewetsa vanishi.

Chomaliza chomwe ndinalemba mu lipoti la kwa iwo ndi cha polima wobwera mtsogolo. Ogula zinthu pa fakitale amasintha kogula malinga ndi mitengo, ndipo pa thumba pamangolembedwa polystyrene ndi melt flow index, muyezo wa mmene amayendera akasungunuka ndi kutentha, basi. Koma χc ya 50,000 ndi 0.549, ya 200,000 ndi 0.524, ya 500,000 ndi 0.515, ndipo maunyolo aatali ochepa omwe ali kumapeto kwa distribution ndi amene amayamba kugawikana, olo avereji ikhale yomweyo. Mu toluene izi zinalibe ntchito chifukwa anali kutali ndi malire, mu chisakanizo chatsopanochi zili ndi ntchito. Ndiye thumba lililonse lochokera kwatsopano azitengako pang'ono, asungunule mu chisakanizo chawo, aike mu beseni lija ndi pepala la mzere wakuda kuseri, ndipo cloud point ikakwera kuposa ya polima wakale asathire mu thanki asanakonze kasakanizidwe ka solventi.